Orton Chirwa: loya amene adaweruzidwa popanda loya

Masiku ano loya wotchuka timamudziwira pa milandu ya mabanki, makampani ndi ngongole za mamiliyoni ku khothi la zamalonda. Koma Mmalawi woyamba kuvala mkanjo wa uloya, malemu Orton Edgar Ching'oli Chirwa, sadapeze mpata wolemera ndi ntchitoyi. Ndale zidamulanda msanga.

A Chirwa adabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma la Nkhata Bay. Adaphunzira ku Fort Hare m'dziko la South Africa, adaphunzitsa ku Domasi, kenaka adakachita zamalamulo ku Lincoln's Inn mumzinda wa London, komwe adavomerezedwa kukhala loya mu 1958. Pobwerera adapeza dziko likuwira. M'mwezi wa Malichi 1959 atsamunda adawatsekera limodzi ndi atsogoleri a Congress. Atatuluka adayambitsa chipani cha MCP nachitsogolera mpaka Dr Kamuzu Banda atamasulidwa mu 1960, pomwe adamutulira mpando.

Ntchito yawo yaikulu, imene ambiri aiwala, idali yokonza makhothi a kumudzi. Ali ku unduna wa zachilungamo, mu 1962 adayendetsa lamulo lochotsa mphamvu zoweruza m'manja mwa mafumu nkuzipereka kwa apampando osankhidwa ndi boma. Kumeneko nkomwe munthu wamba ankapita ndi mlandu wa ngongole, wa ng'ombe kapena wa ukwati. Mafumu ena sadakondwere nazo, ndipo nzomveka: bwalo ndilo lidali ulemu wawo.

Ufulu utabwera mu 1964 adali nduna ya zachilungamo, koma adangotha miyezi iwiri yokha paudindowo m'dziko laufulu. Atasemphana ndi Kamuzu mu Seputembala adachotsedwa, nathawira ku Tanzania.

Iwo ali kunja, boma lidasandutsa makhothi aja kukhala a miyambo mu 1969, ndipo pambuyo pake lidawapatsa mphamvu zozenga milandu yakupha ndi youkira boma. Maloya sankaloledwa kulowamo. Pa 24 Disembala 1981 a Chirwa, akazi awo a Vera, nawonso loya, ndi mwana wawo adagwidwa chakumalire a Zambia. Awiriwa adaimikidwa pabwalo la miyambo ku Soche mu Blantyre. Adadziyankhira okha, nanena kuti adachita kubedwa ku Zambia, choncho bwalolo lidalibe mphamvu pa iwo. Mboni zomwe adapempha zidakanidwa. Mu Meyi 1983 adagamulidwa kuti anyongedwe, koma maiko akunja atadandaula, Kamuzu adasintha chilangocho mu 1984 kukhala ndende moyo wonse.

Ngakhale onse adali m'ndende ya Zomba, adatha zaka zisanu ndi zitatu osaonana, kufikira mu Seputembala 1992 pamene maloya a ku Britain adawayendera. A Chirwa adali atafooka, osaona bwino ndi osamva bwino. Adamwalira mndendemo pa 20 Okutobala 1992 ali ndi zaka 73. Mayi Vera adatulutsidwa mu Januwale 1993, ndipo chaka chomwecho makhothi a miyambo aja adaimitsidwa.