Profesa John Chiphangwi, Dokotala Woona Patali

Malemu Profesa John David Chiphangwi anali katswiri wa za uchembere pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Chipatalachi chinatsegulidwa mu 1958, koma pamene anthu ankachuluka ku Ndirande, Limbe ndi Bangwe, malo ochirira amayi anayamba kuchepa. Iwo analimbikira kuti pamangidwe nyumba yatsopano, ndipo mu 1980 chipatala cha amayi cha Gogo Chatinkha chinatsegulidwa.

Komabe anazindikira kuti makoma okha sachiza munthu. Masiku amenewo Amalawi ankaphunzira udokotala kunja, ndipo ambiri sankabwerera kwawo. Choncho anatsogolera ntchito yokhazikitsa sukulu ya College of Medicine mu 1991 pafupi ndi chipatalacho, kuti achinyamata aziphunzira pakati pa odwala akwawo. Anagwiranso ntchito ndi yunivesite ya Johns Hopkins pofufuza mmene kachilombo ka HIV kamapatsirikira kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana.

Anamwalira m'zaka za m'ma 1990. Sukuluyi, yomwe mu 2021 inakhala gawo la Kamuzu University of Health Sciences, ikutiphunzitsa kuti wokonzanso chipatala chakale aziganizira mibadwo yakutsogolo. Mzimu wawo uuse mumtendere.