Mayi Rachel Carson, bwenzi la nsomba

Mayi Rachel Carson anabadwa m'caka ca 1907 ku Amerika, kutali ndi nyanja. Anaona nyanja yamcere koyamba ali ndi zaka 22. Anaikonda kwambiri, ndipo anaphunzira za nsomba.

Masiku amenewo alimi ankapopera mankhwala a DDT m'minda. Mvula inkakokolola mankhwalawo kupita m'mitsinje, mpaka m'nyanja. Nsomba zinkafa. Mbalame zodya nsomba nazonso zinkafa.

M'caka ca 1962 Mayi Carson anatulutsa buku locenjeza anthu. Opanga mankhwala anakwiya nayamba kuwanyoza. Iwo sanaope, ngakhale anali kudwala. Anamwalira m'caka ca 1964.

M'caka ca 1972 boma la Amerika linaletsa DDT m'minda.

Ana inu, zotayidwa mumtsinje zimakafika kunyanja. Musatayemo mankhwala kapena mapulasitiki.