WILLIAM KOYI, MKHALAPAKATI WA ANGONI NDI ATONGA

Kuti tizindikire ntchito ya munthu uyu, tiyambe taona nkhondo imene anaipeza m'dziko lino. Angoni anachoka kumwera m'masiku a Shaka, naoloka Zambezi m'chaka cha 1835, Zwangendaba ali patsogolo pao. Atamwalira iye, mwana wache M'mbelwa anadza nakhala kumtunda, kumadzulo kwa Nkhata Bay. Chuma cha Angoni chinali ng'ombe ndi anthu. Mfumu yokhala ndi anthu ambiri ndiyo inayesedwa yaikuru, ndipo mnyamata sanatchedwa mwamuna asanapite ku nkhondo. Chifukwa chache nkhondo siinatha. Pakutha masika, dzinthu zili m'nkhokwe, magulu ankhondo anatsikira kunyanja, natentha midzi, natenga ana ndi akazi. Anyamata a Atonga ogwidwa analeredwa m'midzi ya Angoni, naphunzira chishango ndi nthungo.

Pafupi ndi chaka cha 1875 Atonga ambiri anathawa ambuye ao, nalowa m'linga la Mankhambira ku Chintheche. Angoni anawalondola, koma anagonjetsedwa kumeneko, pakuti othawawo anadziwa machitidwe onse a nkhondo yao, ndipo Mankhambira anali nazo mfuti. Kuyambira pamenepo mlandu unali umodzi. Angoni anayesa othawawo ana ao oyenera kubwezedwa, koma Atonga anadziyesa mfulu. Anthu a kunyanja anakhala m'malinga, nalima minda yao ndi mantha.

William Koyi anali wa mtundu wa Axhosa, wobadwa m'chaka cha 1846 ku Cape Colony. Ali mnyamata anagwira ntchito ya ngolo. Atatembenuka mtima analowa sukulu ya Lovedale. M'chaka cha 1876 Dr James Stewart anafuna anthu akumuka ku mishoni ya Livingstonia, ndipo Koyi, angakhale maphunziro ache anali ochepa, anadzipereka kuti akagwire ngakhale ntchito yotema nkhuni ndi kutunga madzi. Anali mmodzi wa anai amene anasankhidwa, nafika ku Cape Maclear chaka chomwecho.

Mphatso yache inaoneka pamene anayenda ndi Dr Robert Laws m'chaka cha 1878. Chinenero chache chinali chofanana ndi Chingoni, ndipo anadziwa ulemu wa pabwalo la mfumu. M'chaka cha 1879 ndiye anamasulira mau pakati pa Laws ndi M'mbelwa.

Mishoni itasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881, choopsa chinakula. Atonga anayembekeza kuti Azungu adzawatchinjiriza, ndipo Angoni anaona ngati mishoni ilikusunga anthu ao othawa. Pamenepo Koyi anakwera mapiri m'chaka cha 1882, nakhala ku Njuyu, pafupi ndi mudzi wa M'mbelwa. Sanaloledwa kutsegula sukulu. Zaka zinai anakhala pakati pa nthungo, namvera madandaulo a nduna, nayankha mofatsa, natumiza mau oona ku Bandawe. Angoni anamutcha Mtusane, ndiko kunena mkhalapakati.

Tisanene kuti analetsa nkhondo zonse, pakuti midzi ina ya kunyanja inatenthedwabe m'masiku ache. Koma njira ya mau pakati pa kumtunda ndi kunyanja siinatsekeka. Dr Walter Elmslie anadza kudzathandizana naye m'chaka cha 1885. Chaka chotsatira, itagwa mvula pambuyo pa chilala, mafumu analola masukulu. Mbiri iyi inampeza Koyi ali gone ndi nthenda, ndipo anamwalira pa 4 June 1886. Manda ache ali ku Njuyu.

Mlandu unabukanso m'chaka cha 1887, koma Laws anakomana ndi M'mbelwa ndi nduna zache, ndipo nkhondo siinafika ku Bandawe. M'chaka cha 1904 Angoni a kumpoto analowa pansi pa Boma la Angerezi ku Ekwendeni, wopanda kukhetsa mwazi.

Abale, udani wa mitundu umakula pamene palibe munthu womva zinenero zonse ziwiri ndi wokhulupirika kwa onse. Ku Njuyu munthu wotere analipo. Mulungu atipatse ena otere m'midzi yathu.