YESAYA ZERENJI MWASI, MBUSA WA KU SANGA

Mlandu wakuti mwini mphamvu yoika munthu pa mpando wa ubusa ndani sunayambe dzulo. M'chaka cha 1077 mfumu Henry IV inaima pachisanu ku Canossa kupempha chikhululukiro kwa Papa Gregory VII, ndipo gwero la mkangano wao linali kusankha maepiskopi. Kunyanja kwa Atonga mlandu wonga womwewo unagwera mpingo wa Livingstonia, koma uko okangana anali amishoni a ku Scotland ndi abusa akuda.

Yesaya Zerenji Mwasi anabadwa cha m'ma 1869. Anaphunzira ku Bandawe, napitirira ku sukulu ya Overtoun ku Khondowe, kumene anatsiriza maphunziro a ubusa. Tsono kutsiriza maphunziro ndi kwina, kudzozedwa ndi kwinanso. Amishoni anazengereza zaka ndi zaka. Charles Domingo, amene anatsogola pa maphunziro omwewo, anatopa nako kudikira, nachoka osadzozedwa. Mwasi anapirira kufikira 1914, pamene iye ndi Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya anasanjikidwa manja, nakhala abusa akuda oyamba a Livingstonia.

Anagwira ubusa ku Sanga, kufupi ndi Chintheche, ndipo mu 1918 anakhala wakuda woyamba kutsogolera Presbytery. Ulemu unalipo ndithu, koma nkhafi inali m'manja mwa ena. Bungwe la amishoni, m'mene simunkakhala munthu wakuda ndi mmodzi yemwe, ndilo linkasunga chuma ndi kulamula ntchito. Mbusa wodzozedwa kale ankayang'aniridwabe ndi Mzungu wa pamishoni monga mwana wa sukulu. Mwasi sanali munthu wobisa mau, kotero mikangano siinathe.

Mu July 1933, ku Sanga komweko, anafotokoza poyera zifukwa zake zofunira kugwira ntchito payekha. Mfundo yake inali yakuti mpingo wa m'dziko muno uyenera kuweruzidwa ndi eni dziko, usakhale nthambi chabe ya mpingo wa kutsidya kwa nyanja. Chaka chomwecho anapatuka, nayambitsa mpingo wake wa anthu akuda pakati pa Atonga. Mkatolika sangayamikire kung'amba mpingo, komabe dandaulo la munthuyu linali loona.

Mu 1935 anagwirizana ndi Charles Chinula ndi Yaphet Mkandawire, abusa enanso ochoka ku Livingstonia, napanga Mpingo wa Afipa wa mu Africa. Anamwalira mu 1955, ulamuliro wa amishoni usanaperekedwe kwa Sinodi ya Livingstonia.