JOHN NEWTON, KAPITAO WA PA DOOKO LA LIVERPOOL

Abale, pa masiku ano a cikondwerero nkwabwino kukumbukira anthu akale amene nyimbo zao tiziyimba m'nyumba ya Mulungu. Mmodzi wa iwo ndiye John Newton, amene asanakhale mbusa anali munthu wa pa dooko ndi wa ngalawa za malonda.

Anabadwa ku London caka ca 1725. Amace anamwalira iye asanakwane zaka 7, ndipo pokhala wa zaka 11 anayamba kuyenda pa nyanja ndi atate wace, amene anali kapitao wa ngalawa. Anakula wamwano ndi wosamvera. Caka ca 1744 anamgwira namlowetsa m'ngalawa ya nkhondo. Anayesa kuthawa, nakwapulidwa. Pambuyo pace anakhala ku gombe la Sierra Leone alikutumikira mzungu wogula akapolo, nasauka ndi njala ndi nthenda. M'mwezi wa Marichi 1748, pobwerera kwao, namondwe anatsala pang'ono kumiza ngalawa yao, ndipo pamenepo Newton anapfuulira kwa Mulungu amene anamnyoza zaka zambiri.

Atapulumuka anafika ku Liverpool, mudzi wa pa mtsinje wa Mersey. Kumeneko madzi adzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kale akaphwa ngalawa zinkatsala pamatope. Cifukwa cace caka ca 1715 anthu a mudziwo anatsegula dooko lomangidwa ndi njerwa, longa thamanda lalikuru, lokhala ndi zitseko zotsekera madzi, kuti ngalawa ziyandame nthawi zonse pokweza ndi potsitsa katundu. Pamenepo anakweza nsaru, mikanda, zitsulo, mfuti, onga ndi kacasu, nanka nazo ku Africa wa kumadzulo kukagula anthu. Anthuwo anawaolotsa kunka ku America ndi ku zisumbu za West Indies, ndipo ngalawa zinabwera ndi shuga, fodya ndi thonje. Ngalawa za Liverpool zokha zinatenga anthu oposa miliyoni imodzi.

Tsono pano pali cinthu cobvuta cimene sitingacibise. Newton, ngakhale anali atayamba kupemphera, analowa nchito yomweyo. Kuyambira 1750 kufikira 1754 anayenda maulendo atatu monga kapitao, m'ngalawa zochedwa Duke of Argyle ndi African. Anawerenga Mau a Mulungu m'cipinda cace, nasonkhanitsa amalinyero kukapemphera tsiku la Sabata, pamene pansi pa mapazi ao anthu analikugona m'maunyolo. Ndiponso cimene cinamcotsa pa nyanja sicinali cikumbumtima, koma nthenda imene inamgwa mwadzidzidzi caka ca 1754.

Kuyambira 1755 anagwira nchito ya msonkho pa dooko. Madzi akadzala anakwera bwato la opalasa, nakakomana ndi ngalawa zolowa, nafunafuna m'menemo katundu wobisika wosalipira msonkho. Madzi akaphwa anakhala pansi kuphunzira Cigriki ndi Cihebri. Anapempha ubusa caka ca 1758, koma anamkaniza. Anadikira kufikira 1764, m'mene anamuika mbusa ku Olney. Komweko iye ndi William Cowper anapeka nyimbo zimene zinasindikizidwa caka ca 1779, ndipo pambuyo pace anasamukira ku mpingo wa St Mary Woolnoth ku London.

Caka ca 1785 William Wilberforce, mnyamata wa m'nyumba ya malamulo, anadza kwa iye alikuganiza zosiya nchitoyo, koma Newton anamlangiza akhale momwemo natumikire Mulungu. Caka ca 1788, zitapita zaka 34 cisiyire nyanja, Newton analemba kabuku koulula zoipa zimene anaziona ndi kuzicita yekha, nabvomera manyazi ace pamaso pa anthu onse. Lamulo loletsa ngalawa za Britain kutenga akapolo linakhazikika mu Marichi 1807, ndipo Newton, maso ace atacita khungu, anamwalira pa 21 Disembara caka comweco.

Dooko lakale lija analitseka caka ca 1826 nalikwirira, ndipo makoma ace anafukulidwanso caka ca 2001. Madooko a kumwera kwa mudziwo anatsekedwa caka ca 1972, popeza katundu anayamba kudza m'mabokosi akuru acitsulo ofuna madooko atsopano. Caka ca 2007 pa Albert Dock anatsegula nyumba yokumbutsa ukapolo.

Ife amene makolo athu anaona magoli pa njira za ku nyanja, ngakhale anka nao ku gombe lina, tidziwa kulemera kwace kwa nkhani iyi. Aphunzitsi, pofotokozera ana a kalasi za munthu uyu musalumphe zaka zija zimene anapemphera osaona choipa cace, pakuti mlandu suola. Ndipo yense wa ife adziyese, ngati palibe kanthu kamene acita tsiku ndi tsiku kosautsa mnzace, kamene mtima wace usanamtsutse nako.