DR. AGGREY: WACHIWIRI KWA MPHUNZITSI WAMKULU

Nthawi zonse tikakumana pa msonkhano wathu wa pachaka timakonda kukumbutsana za aphunzitsi a masamu ndi a Chingerezi, makamaka aja ankatikwapula. Koma sindidamvepo wina akutchula bambo aja ankakhala mu ofesi yaing'ono pafupi ndi belu, wachiwiri kwa ahedi. Ine sindingawaiwale. Ndili Fomu 2 bambo anga adamwalira, ndipo fizi idasowa. Ndidalongedza katundu wanga kuti ndizipita kumudzi, koma iwo adandiitana, nandikhazika pansi, nalembera kalata amalume anga. Adandilola kukhala m'kalasi mpaka fodya atagulitsidwa. Tsiku limenelo ndidaona chithunzi cha munthu wakuda wovala suti chili pakhoma pawo, ndipo atandiona ndikuchiyang'ana adandiuza kuti ameneyo ndi Dr. Aggrey. Ndafuna kuti m'kope lino ndikuuzeni mbiri ya munthu ameneyu.

James Emman Kwegyir Aggrey adabadwa pa 18 Okotobala 1875 ku Anomabu m'dziko la Gold Coast, lomwe lero timalitcha Ghana. Adaphunzira pa sukulu ya mpingo wa Wesleyan ku Cape Coast, ndipo kaamba ka nzeru zawo adayamba kuphunzitsa akadali mnyamata. Pofika chaka cha 1898 n'kuti ali kale mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya mpingowo. M'chaka chomwecho adasiya udindowo napita ku America kukawonjezera maphunziro pa Livingstone College mumzinda wa Salisbury, m'chigawo cha North Carolina. Adatsiriza digiri yawo mu 1902, ndipo mu 1905 adakwatira mayi Rose Douglas, amene adabereka nawo ana anayi.

Pa koleji imeneyi adagwirapo ntchito zaka pafupifupi 20. Kuwonjezera pa kuphunzitsa, iwo ndiwo ankasunga kaundula wa ophunzira ndi mabuku a ndalama. Inu amene mudagwirapo ntchito mu ofesi ya sukulu mukudziwa tanthauzo la zimenezi. Wosunga kaundula ndiye amadziwa mwana amene sadalipire, amene walephera mayeso, ndi amene wangosowa osatsanzika. Kuyambira mu 1914 ankatumikiranso ngati mbusa m'mipingo iwiri ya alimi osauka kunja kwa mzindawo, kotero kuti ankadziwa bwino makomo amene ana a anthu akuda ankachokera. Komabe pamene koleji inkafuna mtsogoleri watsopano mu 1917, akuluakulu adasankha munthu wina. A Aggrey adapitiriza ntchito yawo ya kale.

Mu 1920 bungwe la Phelps-Stokes la ku America lidatumiza gulu la akatswiri, lotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, kudzayendera sukulu za mu Africa. A Aggrey ndiwo adali munthu wa mu Africa yekhayo m'gululo. Pa ulendo wachiwiri mu 1924 adafika ndi kuno kwathu, dziko lino likutchedwa Nyasaland. Nthawi imeneyo sukulu zidali m'manja mwa amishoni, ndipo dipatimenti ya boma yoona za maphunziro idakhazikitsidwa patapita zaka ziwiri, mu 1926. Anthu ankadzazana kudzamva munthu wakuda wophunzira chotero akulankhula. Mukakumana ndi munthu wa kuno dzina lake Aggrey, dziwani kuti gwero la dzinalo ndi bambo amenewa.

Ntchito yawo yotsiriza idali kwawo ku Gold Coast. Bwanamkubwa Gordon Guggisberg adaganiza zomanga sukulu yaikulu pa phiri la Achimota pafupi ndi Accra. Mkulu wa sukuluyo adali mbusa Alexander Fraser, ndipo a Aggrey adakhala wachiwiri. Vuto lidalipo ndi lakuti makolo ambiri sankaikhulupirira sukuluyo. Ankaiyesa msampha wa boma la atsamunda wofuna kupatsa ana awo maphunziro otsika kuposa a ku Ulaya. Nyumba zikadatha kumangidwa, koma popanda ana sipakadakhala sukulu. Choncho a Aggrey adayendayenda m'dzikomo, kulankhula ndi mafumu, azibusa, aphunzitsi ndi makolo, kuyankha mafunso awo mpaka mitima idakhala pansi. Adalimbikiranso kuti atsikana alandiridwe pamodzi ndi anyamata, chinthu chimene chidali chachilendo pa sukulu yogonera masiku amenewo.

Chiphunzitso chawo chodziwika kwambiri chidali cha limba. Ankafanizira anthu akuda ndi azungu ndi mabatani akuda ndi oyera a limba, amene amafunika onse kuti nyimbo imveke bwino. Mabatani amenewa ndiwo adaikidwa pa chizindikiro cha sukulu ya Achimota. Ena ankawadzudzula kuti ngofatsa kwambiri pamaso pa atsamunda. Komatu Kwame Nkrumah, amene adatsogolera Ghana ku ufulu mu 1957, adali mmodzi wa anyamata amene mawu a bambowa adawatsegula maso.

Sukulu ya Achimota idatsegulidwa pa 28 Januwale 1927. Patangopita miyezi yochepa a Aggrey adapita ku America kukaona banja lawo ndi kukatsiriza maphunziro awo pa Columbia University. Kumeneko adadwala matenda oumitsa khosi, ndipo adamwalira m'chipatala ku Harlem, mumzinda wa New York, pa 30 Julaye 1927, ali ndi zaka 51. Adaikidwa m'manda ku Salisbury. Ana amene adawapempha kwa makolo awo aja sadawaone akutsiriza sukulu.

Ndikaganiza za moyo wawo ndimaona kuti mbali yaikulu ya ntchito yawo idali yofanana ndi ya bambo aja a mu ofesi ya pafupi ndi belu: kusunga kaundula, kulemba makalata, kumvetsera madandaulo, kukambirana ndi makolo. Ntchito yotere silembedwa pa satifiketi ya mwana aliyense, koma ambiri a ife tidafika pa mayeso a Fomu 4 chifukwa cha iyo. Paja akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pempho langa tsono ndi ili. Pa msonkhano ukubwerawu, komiti yathu ikaitane wachiwiri kwa ahedi pamodzi ndi aphunzitsi amene amalangiza ana, kuti atiuze okha chiwerengero cha ana amene asiya sukulu chaka chino ndi zifukwa zake. Tikamva zimenezo ndi pamene tidzakambirane za chopereka chathu. Ine amalume anga adayankha kalata ija, koma alipo ana ena pa sukulu yathu amene alibe wowalembera kalata ngakhale woiyankha.