MICHAEL FARADAY, MNYAMATA WOSOKA MABUKU

Munthu akamapalasa usiku njinga yokhala ndi dainamo, nyale yake imawala popanda mafuta, popandanso batire. Akaima, nyale ija imazima. M'kati mwa dainamo mulibe zinthu zambiri ayi. Muli maginito ndi waya wokulungakulunga basi. Tayala likamazunguza maginitowo pafupi ndi waya uja, magetsi amayamba kuyenda. Amene adatulukira chinsinsi chimenechi adali Michael Faraday, mwana wa mmisiri wosula zitsulo, amene sukulu sadapite nayo patali.

Michael adabadwa pa 22 Seputembala 1791 ku Newington Butts, pafupi ndi mzinda wa London, m'dziko la England. Adali wachitatu m'banja la ana anayi. Bambo ake, a James Faraday, adali odwaladwala, kotero kuti masiku ambiri sankatha kugwira nyundo. Chifukwa cha ichi pakhomopo padali umphawi. M'chaka cha 1801, pamene chakudya chidakwera mtengo kwambiri, Michael ankapatsidwa buledi mmodzi yekha woti adye mlungu wathunthu. Kusukulu adangophunzirako kuwerenga, kulemba ndi masamu pang'ono.

Atakwanitsa zaka 13 adayamba ntchito yotumikira pa sitolo ya mabuku ya Bambo George Riebau. M'mamawa ankayenda khomo ndi khomo kupereka nyuzipepala. Masiku amenewo nyuzipepala zidali zodula, ndipo anthu ambiri ankangobwereka. Motero mnyamatayo ankabwereranso kukatenga nyuzipepala ija kuti akaipereke pa khomo lina. Patatha chaka chimodzi, Bambo Riebau adaona kuti Michael ngwakhama, ndipo adamlola kuphunzira luso losoka mabuku ndi kuwamata zikuto. Maphunziro amenewa adali a zaka zisanu ndi ziwiri.

Anthu ankabwera ndi mabuku amitundumitundu kuti awasokere. Kwa wosoka mabuku, chofunika ndi ulusi, zomatira ndi chikuto. Koma Michael ankafunanso kudziwa zimene zidali m'katimo, ndipo akaweruka ankakhala pansi ndi kuwerenga. M'buku lina lalikulu, lotchedwa Encyclopaedia Britannica, adapezamo nkhani ya magetsi. Adawerenganso buku la mayi wina, dzina lake Jane Marcet, lofotokoza mosavuta za mpweya, madzi, moto ndi zitsulo.

Apa m'pamene padaonekera khalidwe limene Michael adakhala nalo moyo wake wonse. Sankakhutira ndi kuwerenga kokha. Buku likanena kuti chakutichakuti chimachitika, iye ankafuna kuchiyesa ndi manja ake kuti adzionere yekha. Ndalama adalibe, koma pa mlungu ankapatulako timakobiri tingapo togulira zofunika. Zotsalazo ankachita kutola: mabotolo akale, timatabwa ndi tizidutswa ta zitsulo. Bambo Riebau, amene adali munthu wokoma mtima, sadamletse.

Choyamba adapanga makina a botolo lagalasi. Botololo likamazungulira ndi kukhudzana ndi kansalu, linkatulutsa timoto tothetheka. Magetsi ake adali amtundu womwe uja umaoneka mwana akakhutiza chipeso chapulasitiki m'tsitsi louma, kenaka n'kuchiyandikiza ku tizidutswa ta pepala. Timapepalato timadumpha ndi kukakamira ku chipeso.

M'chaka cha 1812 adapanga batire lakelake. Adatenga makobiri amkuwa asanu ndi awiri. Adadulanso tizitsulo tisanu ndi tiwiri tobulungira ngati makobiriwo, ta chitsulo chotchedwa zinki, chija amakutira malata kuti asachite dzimbiri. Adazisanjikiza mosinthanasinthana, ndipo pakati pake ankaikapo timapepala tonyika m'madzi amchere. Atamanga waya kumwamba ndi kunsi, adaviika nsonga za mawayawo m'madzi osungunuliramo mchere wina wamankhwala. Posakhalitsa mawaya aja adadzaza tithovu. Magetsi a m'timakobiri tija adali kugwiradi ntchito! Mnyamatayo adakondwa kwambiri, ndipo adalembera mnzake kalata yaitali yofotokoza zonse zimene adaona.

Chaka chomwecho munthu wina wogula mabuku pa sitolopo, dzina lake William Dance, adapatsa Michael matikiti okamvera maphunziro a Humphry Davy. Davy adali katswiri wotchuka wa sayansi pa nyumba ya maphunziro yotchedwa Royal Institution mu London. Michael adapitako kanayi. Adalemba zonse zimene adamva, adajambula zipangizo zonse zimene adaona, ndipo adasoka mapepalawo kukhala buku lokongola la masamba oposa 300.

Pa nthawiyi zinthu sizidali bwino kwa iye. Bambo ake adali atamwalira m'chaka cha 1810. Zaka zake kwa Bambo Riebau zidatha, ndipo adalowa ntchito kwa bwana wina waukali. Kumeneko adalibenso mpata woyesa zinthu. Adalembera kalata mkulu wa bungwe la akatswiri lotchedwa Royal Society kupempha ntchito iliyonse, koma sadamthandize. Tsono adalimba mtima natumiza buku lake lija kwa Davy. Davy adamuitana, nalankhula naye mwaulemu, koma adamlangiza kuti asasiye kusoka mabuku popeza sayansi ilibe ndalama. Michael adabwerera wopanda ntchito imene ankaifuna.

Mwayi udadza mosayembekezeka. Wantchito wina pa Royal Institution adachita ndewu ndipo adachotsedwa. Davy adakumbukira mnyamata wa buku uja. Motero mu Malichi 1813 Michael adalembedwa ntchito yotsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo. Malipiro ake adali masheleni 25 pa mlungu.

Mu Okutobala chaka chomwecho adatsagana ndi Davy pa ulendo wa ku France, Italy ndi Switzerland, umene udatha chaka chimodzi ndi theka. Pa ulendowu adaonana ndi akatswiri ambiri, ngakhalenso Alessandro Volta, amene adapanga batire loyamba. Koma sudali ulendo wokoma wokhawokha. Mkazi wa Davy ankamuona ngati wantchito wamba, ndipo kawirikawiri ankamnyoza. Michael adaganizapo zothawa kubwerera kwawo, koma adapirira chifukwa cha zimene ankaphunzira.

M'chaka cha 1820 katswiri wa ku Denmark, Hans Christian Oersted, adaona kuti waya wodutsamo magetsi amagwedeza singano ya kampasi. Singano imeneyi ndi maginito. Faraday adayesa zimenezi mobwerezabwereza, ndipo mu 1821 adapanga kachipangizo kamene waya ankazungulira maginito mosalekeza. Ichi chidali chiyambi cha makina onse oyendera magetsi, monga zigayo zamagetsi. Chaka chomwechi adakwatira Sarah Barnard.

Tsono m'mutu mwake mudabwera funso lina. Ngati magetsi angathe kuchita ntchito ya maginito, kodi maginito sangatulutse magetsi? Adaika maginito pafupi ndi waya, koma sipadachitike kanthu. Adayesa njira ina, koma osaphula kanthu. Zaka pafupifupi khumi zidapita, iye akulisiya funsolo ndi kulibwereranso.

Pa 29 Ogasiti 1831 adatenga chitsulo chozungulira ngati chibangiri chachikulu. Mbali imodzi adakulungako waya wopita ku batire, mbali inayo waya wina wopita pafupi ndi singano ya kampasi. Mawaya awiriwo sankakhudzana. Atalumikiza batire, singano idagwedezeka kamodzi, n'kubwerera pamalo pake. Atachotsa batire, idagwedezekanso kamodzi. Munthu wosapenyetsetsa akadati palibe chachitika, pakuti kugwedezekako kudali kwa kanthawi kochepa. Faraday adakuona, nakulemba. Mu Okutobala adalowetsa maginito m'kati mwa waya wokulunga, ndipo singano idagwedezeka. Atawasiya chikhalire, singano idangoti zii. Atawasolola, idagwedezekanso. Apo adazindikira chimene chidamlepheretsa zaka zonse zija: maginito ongokhala satulutsa magetsi, koma oyenda.

Umu ndi m'mene dainamo ya njinga imagwirira ntchito. Ndi m'menenso magetsi amapangidwira ku Nkula pa mtsinje wa Shire, kumene makina oyamba adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966. Kumeneko ndi mphamvu ya madzi imene imazunguza maginito akuluakulu pakati pa mawaya.

Faraday adatchuka m'maiko ambiri, koma sadaiwale kuti iye adayamba ndi botolo ndi makobiri. Iye ndi mkazi wake adalibe mwana, komabe ankakonda ana kwambiri. Kuyambira m'chaka cha 1825, pa Royal Institution pankachitika maphunziro a ana pa tchuthi cha Khirisimasi, ndipo Faraday adawaphunzitsa zaka 19. Otchuka koposa adali maphunziro asanu ndi limodzi onena za kandulo. Adawaphunzitsa komaliza kumapeto kwa 1860 ndi kumayambiriro kwa 1861, patangopita chaka chimodzi David Livingstone atafika pa Nyanja ya Malawi.

Anawo atakhala pansi, nkhalamba ya imvi ija inkayatsa kandulo wamba. Poyamba inkawaonetsa kambale kamene kamapangika pamwamba pa kandulo. Mpweya wozizira umene umakwera m'mbali mwake umaziziritsa m'mphepete, pamene pakati pakusungunuka. Motero phula losungunuka limakhala m'kambale kake osatayika. Nanga phulalo limakwera bwanji kukafika ku lawi? Faraday ankawakumbutsa za thaulo losiyidwa pa mlomo wa beseni, mbali imodzi ili m'madzi, ina ikulendewera kunja. Madzi amakwera m'timipata ta ulusi mpaka kudonthera pansi. Chingwe cha kandulo chimakoka phula mwa njira yomweyo, monganso chingwe cha koloboyi chimakokera parafini.

Kenaka ankazima kanduloyo mouzira pang'onopang'ono. Kautsi koyera kankakwera kuchokera ku chingwe. Msangamsanga ankayandikiza moto ku kautsiko, osakhudza chingwe ayi. Moto unkatsika ndi utsiwo, ndipo kandulo inkayakanso! Apa ana ankaona okha kuti chimene chimayaka si phula lolimba kapena lamadzimadzi, koma nthunzi yake.

Ankatenganso pepala naligoneka pakati pa lawi kwa kamphindi, n'kulichotsa lisanayake. Pa pepalapo pankatsala mkombero wowauka, koma pakati pake padali poyera. Ichi chinkasonyeza kuti lawi limatentha kwambiri m'mbali, mmene nthunzi imakumana ndi mpweya. Akaika chitsulo m'kati mwa lawi, chinkada ndi mwaye. Koma akagwira supuni yozizira pamwamba pa lawi, patali pang'ono, inkachita chifunga. Kadali kamame. Ana ankadabwa kumva kuti m'moto mumatuluka madzi.

Akavundikira kandulo ndi botolo lagalasi, lawi linkafooka mpaka kuzima, ngakhale kuti m'botolomo mudali mukadali mpweya. Gawo la mpweya limene moto umafuna ndilo lidali litachepa. Potsiriza ankathira madzi oyera a laimu m'botolo muja, ndipo ankasanduka ngati mkaka. Kenaka ankauzira mpweya wa m'kamwa mwake m'madzi ena a laimu kudzera m'kapaipi. Nawonso ankasanduka ngati mkaka. Motero adawaonetsa kuti mpweya umene munthu amatulutsa popuma ngofanana ndi umene kandulo imatulutsa poyaka. Thupi limatentha chakudya pang'onopang'ono popanda lawi, ndipo n'chifukwa chake limafunda.

Zambiri mwa zimenezi adazisankha dala kuti anawo akathe kukaziyesa kwawo, ndipo ankawachenjeza kuti asamale. Lero lomwe mwana angathe kuziyesa ndi kandulo, supuni ndi tambula, malinga pali munthu wamkulu pafupi, ndiponso ali kutali ndi udzu, nsalu ndi parafini. Maphunzirowo adasindikizidwa m'buku m'chaka cha 1861, ndipo bukulo lidamasuliridwa m'zinenero zambiri.

Faraday adali munthu wopemphera ndi wosakonda ulemerero. Atapemphedwa kukhala mkulu wa Royal Society, bungwe lomwe lija lidalephera kumthandiza ali mnyamata, iye adakana. Kwa zaka pafupifupi 30 ankayendera nsanja za nyale zotsogolera zombo usiku m'mbali mwa nyanja, kuti nyalezo ziziwala bwino. Atayamba kukula adavutika ndi matenda oiwalaiwala. Chidamthandiza ndi chizolowezi chake cholemba chilichonse chimene wayesa, chotheka ndi cholephereka chomwe. Ndime za m'mabuku akewo ankazipatsa manambala, ndipo zidapitirira 16,000.

M'chaka cha 1858 Mfumukazi Victoria idampatsa nyumba ku Hampton Court. Kumeneko ndi kumene adamwalirira pa 25 Ogasiti 1867, ali ndi zaka 75. Adaikidwa m'manda a Highgate mu London, pa mwambo wachete monga momwe adafunira mwini wake. Maphunziro a ana a pa Khirisimasi akuchitikabe chaka ndi chaka pa Royal Institution, ndipo chitsulo chonga chibangiri chija, ndi mawaya ake omwe, adachisunga m'nyumba yomweyo.